Nozo Yachitatu ya Tabitha

Mwamva zimene anthu akunong'onezana pa Katete ponse? Akuti galimoto ya a Fredrick Nkhoma, ija yakhala zaka ndi zaka pansi pa mtengo wa mango osatsokomola n'komwe, inadzuka yokha tsiku la Kulamba n'kudziyendetsa mpaka ku Mkaika kukaonerera mwambo. Amayi a kuchigayo akuti munali mizimu. A kutchalitchi akuti ndi mapemphero. Ogulitsa tomato pamsika akuti a Nkhoma ali ndi kanthu m'botolo. Zonsezo n'zabodza. M'galimoto imeneyo munalibe mzimu. Munali mbava zitatu ndi nkhuku imodzi yofungatira mazira, ndipo mwa onsewo, wanzeru anali nkhukuyo.

Tiyambe ndi galimotoyo. Ndi Pijo yakalekale ya dizilo, yabuluu, imene a Nkhoma anagula akadali mphunzitsi wamkulu. Anaitcha Tabitha. Akazi awo ndi a Nelly, ndipo mwa ana awo onse mulibe Tabitha, ndiye dzifunseni nokha kumene dzinalo linachokera. Akuti kunali namwali wina ku Vubwi amene anawakana kalekale, koma zimenezo simunamve kwa ine. Tabitha anazima chaka china n'kukana kudzukanso. Komabe Loweruka lililonse a Nkhoma ankamusambitsa, kumupukuta mpaka kunyezimira, kupopa matayala ake ndi pampu ya njinga, kenako n'kukhala pachiwongolero mawindo atatseka, kuyang'ana khola la mbuzi ngati ali pamsewu wa ku Lusaka.

Tsopano pali Nikodemo. Uyu anali makanika pagalaji ya a Edward, pafupi ndi msika. Tabitha atangozima, a Edward anatuma iyeyu kuti akamuone. Nikodemo anatsegula boneti, anamvetsera, ananunkhiza, n'kunena kuti vuto ndi manozo, timipopi tinayi tija timalavulira dizilo m'kati mwa injini. A Edward anati ayi, ndi pampu, ndipo anamuitanitsa asanamasule ngakhale nati imodzi. Galimoto inakhala chizimire. Mawa lake a Nkhoma anaima pakati pa msika, n'kulankhula ndi mawu aja ankaitanira ana kupelete:

"Mnyamata uyu ndi makanika wa mawilibala."

Basi, dzina linamata. Wilibala. Ntchito inatha, makasitomala anathawa, ngakhale Lydia wogulitsa mandasi, amene anali atayamba kumuikira limodzi lapamwamba, anasiya. Nikodemo anatsala akumata machubu a njinga pansi pa mtengo, ana asukulu akudutsa n'kumalira ngati tayala losowa girisi. Munthuyo sanali wakuba ayi. Anali chabe ndi chilonda, ndipo chilonda ntchentche zimachidziwa.

Ntchentche yake inali Lloyd, amene amadzitcha Manejala. Amavala jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo amayenda ndi foni yaikulu imene palibe anaimvapo ikulira. Womutsatira wake ndi Tomasi, wotchedwa Katundu, chimunthu chamtima wabwino chimene chimasenza chilichonse osafunsa mwini wake. Masana ena awiriwa anakokera Nikodemo kuseri kwa nyumba ya amayi Gloria, kumene chibuku chimakhala chozizira chifukwa cha filiji ya sola.

"Madala, mvetserani dilu," anatero Manejala, akuyala zitsekero za mabotolo pathebulo. "Ichi ndi Katete. Ichi ndi Chadiza. Ichi ndi Vubwi. Tsidya lake, kudutsa malire, kuli Sinyolo wina, bwana wa ndalama, akufuna Pijo yakale. Osati yatsopano, yakale. Akuti akaiona chabe, atipatsa chilichonse."

"Ili kuti Pijoyo?" anafunsa Katundu.

"Pansi pa mango pa a Nkhoma."

"Koma ija siyenda. Ndidzaisenza?"

"N'chifukwa chake tili ndi injiniya, iwe." Manejala anakankhira chibuku kwa Nikodemo. "Si choncho, a Injiniya?"

Kuyambira tsiku la pamsika lija, palibe anamutchulapo choncho. Nikodemo anamva kutentha m'makutu. Za Sinyolo sanazimve bwino, za Vubwi zinangomudutsa. Iye ankangoona boneti yabuluu ikutseguka.

"Ndi manozo," anatero motsitsa. "Ndinawauza kalekale."

"Manje tamverani nzeru," anapitiriza Manejala. "Mbava zopusa zimaba mdima, agalu ali maso. Ife tiba dzuwa lili pamutu, tsiku la Kulamba, mudzi wonse uli ku Mkaika. Tivala maovolosi. Munthu wa ovolosi safunsidwa, ngakhale atanyamula denga la nyumba yako umamuthandiza kutula. Tithyola chitseko, injiniya alize, tilowe msewu wa Chadiza. Pomwe akuluwo azibwerako, ife tikudya nkhuku ku Vubwi."

Katundu anatola Vubwi pathebulo n'kutokosera m'mano. Anagundanitsa makapu.

Tsikulo linafika. Mudzi unali zii, ng'oma zikumveka patali. Ngakhale a Nkhoma, mkulu wa mpingo, anali atapita, akuti kukangoona alendo ochokera ku Malawi, osati gule ayi. Anthu athu atatu anatulukira m'munda wa thonje: Manejala patsogolo, ovolosi pansi jekete pamwamba, Nikodemo ndi thumba la masipanala, Katundu chigubu cha dizilo kumanja, pamutu batire la filiji ya amayi Gloria, limene anabwereka osawauza.

Manejala anatulutsa waya wothyolera loko. Katundu anangogwira chitseko, chinatseguka. Kiyi anali lende pamalo pake. Ndani akanaba galimoto yakufa?

"Tseka," anatero Manejala.

"Chatseguka kale, Manejala."

"Pulani ikuti tithyole. Ukayamba kudumpha pulani poyambirira, umagwidwa. Tseka ndipo ukhome."

Katundu anakhoma, kiyi ali m'kati. Manejala analimbana ndi waya mpaka thukuta linadutsa ovolosi n'kufika pajekete. Pomaliza Nikodemo anazungulira n'kutsegula chitseko cha mbali inayo, chimenenso chinali chosakhoma.

Pampando wakumbuyo panali dengu, ndipo m'dengumo munali nkhuku yamawanga itafungatira mazira. Inawayang'ana ndi diso limodzi.

"Itaye kunja," anatero Manejala.

"Awe," anakana Katundu. "Nkhuku yofungatira siichotsedwa, mazira amasukusa. Amayi anga akanandimenya."

"Ukuba galimoto, Katundu."

"Galimoto inde. Koma anapiye sanalakwe."

Nikodemo sanawamve. Anali atatsegula kale boneti. Anayamba ndi dizilo wakale wa m'thanki, amene anali atasanduka ngati uchi wovunda. Anapatsa Katundu payipi kuti ayamwe. Katundu, munthu wosadziwa kuchita chinthu pang'ono, anayamwa n'kumeza. Anakhala pansi, maso ali psu, n'kunena kuti kachasu wa kwa Sinda ndi woipa kuposa pamenepa.

Atathira dizilo watsopano n'kumanga batire, Nikodemo anatsuka sefa ya mafuta, kenako anamasula pang'ono manati anayi a pamanozo.

"Mumapayipimu muli mpweya," anafotokoza. "Injini ya dizilo ikameza mpweya imakhala ngati mwana wosabyukutsidwa, siyamwa. Manejala, popani kapampu aka ndi chala mpaka kalimbe."

"Ine ndine woyang'anira."

"Yang'anirani uku mukupopa."

Manejala anapopa. Nikodemo anapotoza kiyi. Pamanati panatuluka thovu, thovu, kenako dizilo woyera. Anamanga manati n'kupotozanso. Tabitha anabuula, anatsokomola, analavula chisa cha mavu kumbuyo, ndipo mwadzidzidzi analira. Utsi woyera unadzaza bwalo mpaka mbuzi zinayamba kuyetsemula. Galimoto yonse inkagwedezeka ngati sefa ya kuchigayo, koma inkalira.

"Shapu," anatero Manejala, atadziponya kale pampando wakutsogolo. "Tiyeni. Injiniya, kwera."

Nikodemo anaima pomwepo, mutu atapendeketsa.

"Ikutsimphina."

"Chiyani?"

"Tamverani. Du du du, phe. Du du du, phe. Ikuyendera miyendo itatu. Nozo imodzi yafa."

"Koma iyenda?"

"Kuyenda iyenda."

"Ndiye itsimphine. Ndi yakuba."

"Iyende ikutsimphina, dzanja langa litaigwira? Anthu akaimva adzati chiyani?"

"Anthu sayenera kuimva, mudala. Kuba ndi kumeneko."

Koma Nikodemo anali atatenga kale sipanala. Injini ikulira, anamasula nati yoyamba: Tabitha anafooka n'kufuna kuzima. Ndiye kuti nozo imeneyo ndi yamoyo. Anamanga. Yachiwiri chimodzimodzi. Atamasula yachitatu, kulira sikunasinthe ngakhale pang'ono.

"Ndi iwe," anatero Nikodemo kwa nozoyo, ngati wapeza mfiti ya m'banja. Ndipo anazimitsa injini.

Manejala anagwira mutu ndi manja onse. Asanapeze mawu otukwanira, chitseko cha nyumba chinalira. A Nelly anatuluka, chitenje m'chiuno, akupukuta manja. Iwo sanapite ku Mkaika chifukwa cha bondo.

Katundu anayesa kubisala kuseri kwa chigubu. Manejala anakonza jekete n'kugwada pang'ono.

"Muli bwanji, amayi? Ndife a kampani. Atituma abambo."

A Nelly anayang'ana jekete, anayang'ana batire lolembedwa dzina la Gloria ndi penti, anayang'ana Nikodemo, amene amuna awo analumbira kuti sadzakhudzanso Tabitha ngakhale ndi mthunzi.

"Mukuitenga?" anafunsa.

"Kukaiyesa chabe, amayi."

"Kutali?"

"Pang'ono."

"Ikhale kutali ndithu," anatero a Nelly. "Mukusowa chiyani?"

Musaiwale kuti mayiyu wakhala moyo wake wonse ndi mkazi mnzake wa matayala anayi, wosambitsidwa ndi sopo wonunkhira pamene iye akusambira wochapira. Nkhuku ija anaiikamo dala.

"Parafini pang'ono, amayi," anayankha Nikodemo mwaulemu. "Ndi mbaula ngati ili ndi moto."

Anabweretsa zonsezo, kuwonjezapo thobwa ndi mbatata, n'kukatsegula geti mbali zonse ziwiri, n'kuikapo miyala kuti mphepo isatseke.

Nikodemo anazula nozo yachitatu. Kunsonga kwake kunali mwaye wouma gwa. Anaimangirira kupayipi yake ili panja, kuti aone mmene ikulavulira, n'kuuza Manejala kuti apotoze kiyi. Nozo inangodontha, dontho, dontho, ngati mphuno ya mwana wachimfine.

"Mwaona? Iyenera kufwemphula ngati nkhungu. Dizilo wodontha sapsa, n'chifukwa chake utsi uja unali woyera."

"Zosangalatsa," anatero Manejala, maso ali kumsewu. "Fulumira."

Koma ntchitoyi siifulumira. Nikodemo anamasula nozo, anaviika tizidutswa take m'parafini, n'kuyamba kupala mwaye ndi kamtengo ka machesi, chifukwa chitsulo chimakanda. Ankapala akuimba nyimbo ya kwaya. Kenako anatenga kawasha kakopa kamene kamakhala pansi pa nozo, n'kunena kuti kauma, kafunika kuwotchedwa mpaka kufiira kuti kafewe, apo ayi mpweya uzithawira pamenepo. Choncho mkulu wa gulu loopsa la Katete anapezeka atagwada m'bwalo la mwini galimoto, akukupiza mbaula ndi chivundikiro cha poto, Katundu akutembenuza mbatata pambali pa kawashako, a Nelly akuwafunsa za makolo awo.

Poyesanso, nozo inalira tswii, n'kutulutsa kankhungu kosalala. Katundu anatambasula dzanja kuti akhudze, Nikodemo analimenya ndi sipanala.

"Imaboola khungu imeneyo. Ufuna kumwa dizilo ndi chala chomwe?"

Anabwezera zonse, anatulutsanso mpweya, n'kupotoza kiyi. Tabitha anangoti kamodzi, n'kuyamba kung'ung'udza mofatsa ngati mphaka wokhuta. Utsi unatha. Nikodemo anaika kapu ya thobwa pamwamba pa injini, thobwa osatayika. Anapukuta m'maso ndi nsanza ya girisi n'kutsala ndi mzere wakuda pankhope.

"Muyende bwino, ana anga," anatero a Nelly pageti. "Nkhukuyo musaisokoneze. Ikaswa mudzanditumizire anapiye."

Anafika pamphambano. Msewu wa Chadiza, wa ku Vubwi, wa kwa Sinyolo, unali apo poyera, wopanda ngakhale njinga. Nikodemo anakhotera kutauni.

"Wasokera," anatero Manejala.

"Tingodutsa pagalaji."

"Pagalaji ya ndani?"

"Ya a Edward. Sitiima. Angoimva chabe."

Manejala anafuna kulanda chiwongolero, koma apa m'pamene pulani inaonetsa bowo lake: iye sadziwa kuyendetsa, akuti mabwana amayendetsedwa, ndipo Katundu amadziwa ngolo ya ng'ombe yokha. Anafika pagalaji. Panali potseka. Nikodemo anaimitsa galimoto pakhomo penipeni, analiza hutala, anaponda mafuta kuti injini imveke. Galu mmodzi anadzutsa mutu n'kugonanso.

"A Edward ali ku Mkaika," anatero mayi wina wogulitsa nzimbe tsidya la msewu. "Kodi ameneyo si Tabitha?"

"Ayi, ndi mng'ono wake," anayankha Manejala, atamira pampando. "Nikodemo, m'bale wanga, galu wamva, mayi wamva. Zakwana. Tiye ku Vubwi."

Nikodemo anayang'ana chitseko chotseka cha galaji. Zaka zonse zija, kukuwa kwa ana asukulu, mandasi a Lydia, n'kudzathera pa galu?

"Ku Mkaika si kutali," anatero. "Kungodutsa chabe."

Amene munapitako tsiku la Kulamba mukudziwa kuti kumeneko kulibe kungodutsa. Ukalowa mumzere wa magalimoto, walowa. Kutsogolo minibasi, kumbuyo lole yodzaza amayi ovala zitenje zofanana, m'mbali njinga ndi ogulitsa nyama yowotcha. Mnyamata wina wolondolera magalimoto ataona Pijo yakale ikunyezimira, munthu wa jekete ali kutsogolo, anaganiza kuti ndi alendo olemekezeka. Anatsitsa chingwe, anawomba m'manja mwaulemu, n'kuwalozera kubwalo la magalimoto a akuluakulu. Atangoima, chibasi chinadzaima kumbuyo kwawo n'kuzimitsa.

Anthu anayamba kusonkhana. "Si Tabitha uyu?" "Tabitha wa a Nkhoma?" "Akulira yekha?" Mawu anathamanga m'khamu kuposa moto wa m'tchire.

Apa, kunena zoona, Manejala anachita chanzeru chimodzi pa moyo wake. Anati onse atuluke mwakachetechete, avule maovolosi, alowe m'gulu. M'piringupiringu umenewo palibe anaona amene anatsika. Nikodemo anakana chinthu chimodzi chokha, kuzimitsa injini. Posakhalitsa atatuwo anali kumbuyo kwa khamu, kuseri kwa ogulitsa mbewa, omasuka ngati mbalame. Njira ya kumunda inali pompo. Akanangoyenda, lero bwenzi tonse tikukamba za mizimu.

"Tiye," ananong'ona Manejala, akumukoka malaya.

"Ndingomva zimene anene."

A Nkhoma anabwera akukankha anthu ndi ndodo, wapolisi wamkazi ali pambuyo pawo. Ataona Tabitha anavula chipewa. Anamuzungulira, anaika khutu paboneti, anatseka maso.

"Bambo, galimotoyi ndi yanu?" anafunsa wapolisi. "Yabedwa?"

"Kubedwa? Mwana wanga, wakuba amaononga, sakonza. Tamvera mmene akupumira. Sanalirepo chonchi chichokereni kusitolo."

"Ndiye wabwera nayo ndani?"

"Sindikudziwa. Koma ndi munthu wochokera kutali, Lusaka kapena Lilongwe. Pa Katete palibe dzanja lotere."

Kumbuyo kuja, Nikodemo anafuna kuyankha. Manejala anamugwira pakamwa.

Pamenepo wina anatsokomola mwaulemu. Anali a Edward, mwini galaji, ndodo ya nyama yowotcha ili m'manja. Anayang'ana uku ndi uku, anaona kuti palibe mwini ntchito, n'kusuntha kutsogolo.

"A Nkhoma, sindinafune kuti zidziwike," anatero, akumwetulira chapansi. "Ndinati ikhale mphatso ya tsiku lalikulu. Ndinatuma anyamata anga. Linali vuto la pampu, monga ndinanenera kale."

Anthu anawomba m'manja. Amayi ena analuluta. A Nkhoma anagwira dzanja la a Edward ndi manja awiri.

"Osati Wilibala uja?" anafuula wina m'gulu, anthu n'kuseka.

"Ameneyo," anatero a Nkhoma, "ngakhale wilibala yeniyeniyo ndimakayika."

Manejala akuti anamva ngati wagwira ng'ombe yamphongo ndi ulusi. Nikodemo anachotsa dzanja pakamwa pake, analowa m'khamu, anthu akupatuka okha.

"Si pampu," anatero.

Onse anatembenukira kwa Nikodemo.

"Pampu sinakhudzidwe, onani manati ake, akadali ndi fumbi. Inali nozo yachitatu. Dizilo wovunda, mpweya m'mapayipi, ndi nozo yachitatu yotsekeka ndi mwaye. Ndinanena kalekale." Anatsegula boneti osayang'ana n'komwe pogwira. "Onani iyi, ikuwala yokha. Kawasha kake ndawotcha ndekha. A Edward, tatiuzani, mwa zinayizi yachitatu ndi iti, kuwerengera kutsogolo kapena kumbuyo?"

A Edward anatafuna nyama imene munalibe m'kamwa.

"Aliyense angathe kunena zimenezo," anatero pomaliza. "Mboni zako zili kuti?"

"Mboni ndili nazo." Nikodemo anatembenuka mokondwa. "Lloyd, bwera kuno, usachite manyazi. Uyo wa jeketeyo, ndiye anapopa mafuta ndi kukupiza mbaula. Onani chala chake chatupa. Ndi Tomasi uyo, anamwa dizilo, mununkhizeni."

Manejala anayesa kusanduka wogulitsa mbewa, koma anthu anamukankhira kutsogolo mwachikondi, ena akumusisita pamsana. Katundu sanafunike kukankhidwa. Anali atabwerera kale kugalimoto kukaona ngati nkhuku ili ndi mpweya wokwanira, ndipo atafunsidwa anangogeya. Amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo, wina anazimitsa fodya wake.

"Chabwino, ntchito ndi yanu," anatero wapolisi, amene anali atamvetsera zonse modekha. "Anakutumani ndani?"

"Palibe," anayankha Nikodemo monyada. "Ndaichita ndekha."

"Ndipo mutakonza, mumapita nayo kuti?"

Apa m'pamene Nikodemo anakumbukira kuti tsikuli linali ndi mbali ina. Manejala anayamba kunena za kuyesa mabuleki.

"Kwa Sinyolo, tsidya la Vubwi," anathandiza Katundu. "Koma anapiye timati tibweza."

Tsopano panabuka vuto lina: mbavazo zikafika bwanji kupolisi? Galimoto ya apolisi inali itatsekeredwa pakati pa malole, yosatuluka mpaka mwambo utatha. Woyendetsa chibasi chija anapezeka n'kusuntha, koma a Nkhoma anali ataiwala magalasi kunyumba, ndiponso miyendo yawo inali itaiwala kalekale chopondera. A Edward anadzipereka, a Nkhoma anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kundodo ya nyama, n'kunena kuti zikomo, pitirizani kudya.

Ndiye mbava inadziyendetsa yokha kupita kupolisi. Nikodemo pachiwongolero, a Nkhoma pambali pake chipewa chili pamaondo, kumbuyo wapolisi atapanikizika pakati pa Manejala ndi Katundu, dengu la nkhuku lili pamiyendo ya Katundu. Anthu anapatuka ngati ukwati ukudutsa. Nikodemo anatsitsa windo, anatulutsa chigongono, uku akuliza hutala kwa aliyense amene anamutchulapo Wilibala, kutanthauza Katete yense. Lydia anali m'mbali mwa msewu ndi beseni lake la mandasi, ndipo akuti anaponya limodzi pawindo. Ena akuti ankagenda. Ine ndikuti linali lapamwamba lija.

"Tikanakhala ku Vubwi," ankangobwereza Manejala. "Tikanakhala tikudya nkhuku."

Nkhuku inamujompha pabondo.

Atayandikira msika, a Nkhoma, amene ankamvetsera injini njira yonse, anatsokomola.

"Mlandu ulipo, ndipo sindiuchotsa," anatero. "Kuba ndi kuba."

"Inde, bambo."

"Koma akulira bwino, a Nikodemo."

A Nikodemo. Ndi "a" wake yemwe, kuchokera pakamwa pomwe paja. Nikodemo anapempha wapolisi ngati angazungulire msika kamodzi asanafike, ndipo wapolisi, poti nayenso anali atatopa ndi kudabwa, anati zungulirani koma pang'onopang'ono.

Panopa atatuwo ali m'chitokosi cha apolisi, akudikira tsiku lawo la kukhoti. Amayi Gloria analanda batire lawo, chibuku cha tsiku lonse chitasasa, ndipo akuti Katundu akadzatuluka adzaona chimene chinameta nkhanga mpala. A Nelly ataona Tabitha akulowanso pageti, wamoyo kuposa kale, akuti anagona osadya, ndipo mpaka lero sanafunsidwe kuti miyala ija pageti anaika ndani. Manejala salankhula ndi aliyense. Koma Nikodemo, amene anakamuona akuti wanenepa. Eni minibasi akumapita kukamufunsa za utsi wa magalimoto awo kudzera pawindo, ndipo palibe mwana wasukulu amene akuliranso ngati tayala.

Njira ya kumunda inali pompo, palibe anamuona, akanangotseka pakamwa n'kupita kwawo. Koma a Edward akanatenga nozo yake yachitatu mpaka kalekale. Ndiye tandiuzani inuyo, mukanakhala kuseri kwa ogulitsa mbewa kuja, dzanja la Manejala lili pakamwa panu, mukanakhala chete?